Arobaini ya Che Amidu yagawa nyumba

Nkhaniyi anandibweretsera ndi Amake Tisa, mnansi wanga wa Chikatolika amene amagulitsa tomato ndi repu kumsika. Linali Lolemba m'mawa, ine ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba kuno ku Nabvutika. Anangotulukira pampanda, dengu lili pamutu, moni osapereka.

"Amake Zaina, mwamva za kwa Abiti Saidi?"

"Kwagwanso chiyani? Si mwezi watha womwewu taika amuna awo?"

"Ndi mwana wawo uja, shehe uja. Akuti tsiku limene moto wa sadaka uyake pabwalo paja, iye atenga mkazi wake ndi ana, achoka, ndipo pakhomopo sadzapondanso. Ine za Chisilamu sindizidziwa, koma mayi uja ndamupeza akusankha mpunga misozi ikugwera m'lichero. Pitaniko inu, ndi mnzanu wa mzikiti umodzi."

Zovala zotsala ndinazisiya m'beseni.

Owerenga anga, ambiri mwa inu ndinu Akhristu, ndikudziwa, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti sabata ndi sabata mumapirira nane, ine mayi wa Chisilamu amene sukulu ndinalekezera giledi seveni. Ndiye ndiloleni ndiyambe ndakuuzani kuti anthu amenewa ndani.

Amuna a Abiti Saidi anali Che Amidu, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ina kutauni. Mayunifomu a ana ambiri a kuno anadutsa m'manja mwawo. Koma ife Asilamu tinkawadziwa ndi china: anali mtsogoleri wa sikiri. Sikiri ndi kutamanda Mulungu moimba. Amuna amatchula dzina lake mobwerezabwereza, akuwerama ndi kuweramuka, mpweya ukutuluka m'zifuwa pamodzi ngati wa munthu mmodzi. Makolo athu ankaperekeza nayo maliro kumanda. Palibe Msilamu wa kuno amene anamwalira m'zaka zanga, Che Amidu osamuimbira. Amuna anga anawaimbira. Mwana wanga wachiwiri, amene anapita ali wakhanda, anamuimbiranso.

Tsono dziwani ichi: ife akazi kumanda sitipita. Timatsala pasiwa. Sikiri ndiyo imakhala maso athu. Timamva mawu akuchoka pakhomo, akutsetsereka, akuwoloka kamtsinje, akuchepa pang'onopang'ono. Akaleka kumveka timadziwa kuti munthu wathu wafika. Pamenepo mpamene mayi wamasiye amagonekera mutu pamiyendo ya mnzake n'kupuma.

Tsiku la maliro a Che Amidu, akuluakulu atatambasula kale mbendera yobiriwira kuti ayambe, mwana wa malemu, Shehe Idrisa, anaima pakhomo n'kukweza dzanja. Anati, "Bambo anga apita mwakachetechete." Mbendera ija anaipindanso.

Ine ndinakhala pafupi ndi Abiti Saidi m'nyumba. Ankangondigwira dzanja n'kumafunsa, "Afika pati? Awoloka kodi? Amake Zaina, afika?" Tinatchera khutu. Kunali zii. Tinadziwa kuti amuna awo aikidwa pamene tinaona amuna akubwerera, fumbi lili kumapazi.

Munthu amene anaimbira aliyense, iye anapita ngati akumubisa.

Koma malemuwo anaziona zimenezi zisanachitike. Ali gone kuchipatala anauza akazi awo kuti, "Mwanayu ndikumudziwa, pamaliro sadzalola. Usadzakangane naye thupi langa lili pomwepo. Koma pa arobaini udzawaitane anzanga aja adzandiimbireko, anthu adye." Arobaini ndi tsiku la makumi anayi chimwalirire munthu. Timaphika mpunga, timadyetsa aliyense wodutsa, timapempha Mulungu kuti amupeputsire manda. Ndiyo sadaka imene Amake Tisa ankanena ija. Abiti Saidi anavomera, dzanja lawo lili m'dzanja la wodwala. Ndipo tsikulo linali kugwa Lachinayi la sabata ino.

Nditafika Lolembalo ndinawapeza akadali palichero pomwe paja. Adzukulu awo awiri, ana aakazi a Idrisa, anali kusewera phada pambali. Ana amenewa anabadwira m'nyumba imeneyi ndipo amagona kuchipinda kwa agogo awo.

"Mwamva?" anatero osadzutsa mutu.

"Ndamva, asisi."

"Ndiuzeni inu. Ndinamize wakufa kapena nditaye wamoyo? Ndili naye mmodzi yekhayu."

Tisanalankhule zambiri, Idrisa anatulukira kuchokera kumzikiti. Mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo kwanga masiku amene mayi ake ankadwala. Lero sandipatsanso dzanja, amangoliika pachifuwa n'kuwerama pang'ono. Sindidandaula nazo, ulemu ndi womwewo.

Ndinati, "Shehe, ndabwera ngati mayi wanu. Mpunga wokha walakwa chiyani?"

Anakhala pampando, n'kuyankha mofatsa. Ndilemba monga ananenera, chifukwa sindifuna kumunamizira.

"Amayi, mukuganiza kuti bambo anga sindiwakonda? Ndinawasambitsa ndine. Ndinawakulunga m'sanda ndi manja angawa. Ndimawapempherera pa swala iliyonse, kasanu pa tsiku. Koma zimene mukufunazi m'chipembedzo mulibe, anthu anangoziwonjezera okha. Ndikazilola ndikudziwa, wokayankha kwa Mulungu ndine. Mpungawo kaperekeni kwa amasiye lero, mawa, tsiku lina lililonse, thumbalo ndisenza ndine. Koma osati pa arobaini, ndiponso osati ndi magule aja."

Mayi ake anaika lichero pansi.

"Magule? Iwe Idrisa, bambo ako anali wovina magule? Ndani anakuphunzitsa kuwerenga Chiarabu usanakwere ndege? Si wovina magule yemweyo?"

"Anaphunzitsa zimene ankadziwa, amayi. Mulungu awakhululukire pa zimene sankadziwa."

Ine ndinayesa njira ina. Ndinati, "Nanga mutangokhala kumzikiti tsikulo, osaona kanthu, madzulo n'kubwerera kwanu?"

Anayang'ana ana ake. Kenako anati, "Lachisanu lililonse ndimaima pamaso pa anthu kuletsa zimenezi. Ndiye zichitikire pakhomo panga? Mwezi wamawa kukubwera alendo ochokera ku ofesi ya kazembe. Mukudziwa kuti alipo anthu amene ntchito yawo ndi kujambula pafoni n'kutumiza. Akakamva kuti shehe wawo walephera nyumba yake yomwe, madarasa aja, sukulu yathu ya pamzikiti, atseka. Ana onse aja, ena amadya komweko, apita kuti? Mudzawadyetsa ndinu?"

Ndinatsanzika n'kunyamuka. Funso limenelo likundivutabe mpaka lero.

Pobwerera kunyumba, mawu amene anandikhala pamtima sanali a magule aja ayi. Anali akuti ofesi ya kazembe. Kodi ofesi ya kazembe ikufuna chiyani pa lichero la mayi wamasiye wa ku Nabvutika?

Ndikumbuka tsiku limene Idrisa anachoka. Anali mnyamata wanzeru, koma bambo ake analibe chomupititsira patsogolo. Ndiye kunamveka kuti boma la dziko lina lolemera, kutali uko kuchipululu, likutenga ana a Chisilamu kukawaphunzitsa kwaulere. Ndege yaulere, chakudya chaulere, mabuku aulere. Tinamuperekeza kukakwera basi ya ku Lusaka, tikululutira. Che Amidu anamusokera mkanjo woyera. Ine ndinamukazingira nkhuku ya panjira. Tinati Mulungu watikumbukira.

Ndipo ndinene chilungamo, chifukwa kusayamika ndi tchimo. Anthu omwewo anatikumbira mjigo umene tonse timatungapo, Msilamu ndi Mkhristu. Mzikiti wathu unali wa malata obooka, lero uli ndi matailosi ndi mipopi yosambira. Mwezi wosala kudya kumabwera makatoni a zipatso za tende, ufa ndi mafuta. Chaka cha njala chija ine ndi ana anga tinapulumukira thumba lawo. Ndimawapempherera. Mbendera ya dziko lawo ili pachikwangwani cha pamjigo, sabisa, ndipo ine ndikamapopa madzi sindiitukwana.

Koma ndani mwa ife, tsiku limene tinkalulutira lija, anafunsa kuti boma lakutali likufuna chiyani mwa mwana wa telala? Boma si azakhali ako. Boma silipereka chifukwa chakuti lakuonera chisoni basi. Likakuphunzitsira mwana, limakubwezera mwana amene akulankhula zimene ilo likufuna kuti zimveke. Limamulipira mwezi ndi mwezi. Limamutumizira mabuku a mtundu umodzi. Limabwera kudzaona ngati akuyenda m'mzere.

Musandimve molakwa. Mkangano wa sikiri si wa lero, ndipo sunabwere pandege. Ndili kamtsikana, agogo anga aamuna anali a gulu loimba, pamene mng'ono wawo anali wa gulu limene tinkalitcha asukuti, okonda kuperekeza maliro ali chete. Ankakangana mpaka mitsempha ya m'khosi kuimirira. Wina ankati mnzake ndi chule wa m'dambo, winayo n'kumati iweyo ndiwe mwala. Koma chakudya chikafika ankasamba m'beseni limodzi. Maliro akagwa kwa oimba, wachete uja ankapita n'kungotseka pakamwa pake. Akagwa kwa achete, woimba uja ankameza nyimbo yake. Chifukwa chiyani? Onse anali osauka mofanana. Njerwa za mzikiti anaumba onse. Panalibe wouza mnzake kuti tuluka.

Chasintha lero n'chakuti mbali imodzi yapeza mwini chuma, ndipo mwini chumayo si munthu, ndi dziko. Zimene zinali maganizo a mng'ono wa agogo anga tsopano zasanduka lamulo. Amene wagwira kiyi wa mzikiti ndi amene wagwiranso kiyi wa chipinda cha ufa. Ukatsutsana naye pa nkhani ya Mulungu, umayamba waganiza za mimba ya ana ako. Kodi kumeneko ndi kukambirana?

Ndiye kunabweranso ena, a dziko lina limene siligwirizana ndi loyamba lija. Nawonso anagula malo. Nawonso anatenga anyamata awo. Lero anyamata amene anakulira limodzi akumenya mpira wa mapepala m'fumbi lomweli akudutsana pamsewu osapatsana salamu, aliyense akuti mnzake ndi wosokera. Maiko awiriwo ine sindinawaonepo. Chimene amalimbirana sindichidziwa. Koma akaponyerana zibakera kwawoko, zimadzagwera pabwalo la Abiti Saidi.

Ndipo ife kuno ndife ochepa, anzanga. Kumene Asilamu ali ambiri, ukakangana ndi mzikiti uwu umapita winawo, ukwati upeza, okuika m'manda upeza. Koma kuno? Tikagawika pawiri kapena patatu timatsala angati? Ndani adzanyamula jeneza la mnzake, chithatha chonyamulira maliro chija? Anthu ochepa savuta kuwagula, ndipo savuta kuwaswa. Ndiganiza olemerawo amadziwa zimenezi kuposa ife.

Inu abale anga Achikhristu, musawombe m'manja. Ndikudziwa alipo amene awerenga izi n'kunena kuti eya, tinkanena, anthu amenewa ngoopsa. Ayi. Idrisa si chigawenga. Sanamenyepo munthu. Samwa, saba, mkazi wake samutukwana, odwala amawayendera kuposa mashehe onse amene ndawadziwa. Zimene amanena amazikhulupiriradi, ndipo mwina pa zina akulondola, ine ndine yani? Chimene chikundiliza n'chakuti mwanayu sangathenso kugonjera mayi ake ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kumbuyo kwake kwaima anthu amene mayi akewo sawadziwa dzina. Ndipo inunso mukuidziwa mipingo imene inasweka pakati chifukwa cha mlendo wobwera ndi galimoto ndi mabulangete. Matenda ndi amodzi, angosiyana zovala.

Lachitatu Abiti Saidi ananditumizira mawu achidule: "Mawa mubwere ndi mpeni wa anyezi."

Lachinayi moto unayaka.

Ndinafika dzuwa litangotuluka. Ndinapeza Amake Tisa afika kale ndi amayi a mphakati wawo, atamanga zitenje, akupala mapoto. Mlimi wina wa ku Kasenengwa, a Tembo, Mkatolika amene malemu ankasokera ana ake, anabwera ndi mbuzi panjinga. Anabwera nayo yamoyo. Anati, "Ndikudziwa simudya yozinga ife. Zingani nokha, ine ndidya nawo." Mulungu awadalitse a Tembo, awadalitse amayi onse aja.

Koma Asilamu anzathu? Mikeka tinayala yambiri, yokhalidwa inali yochepa. Wina anatumiza mawu kuti mutu ukumupweteka. Wina akuti wapita ku Mwami mwadzidzidzi. Mayi wina amene Che Amidu anaimbira amuna ake ndi ana ake awiri anafika kuseri kwa mpanda, n'kundiitana ndi dzanja.

"Amake Zaina, mundipepesere kwa asisi. Mtima wanga uli pomwepa. Koma ana anga ali kumadarasa, ndipo mwezi wosala uli pafupi. Akandiona pano ndidzadya chiyani?"

Anandipatsa kathumba ka mchere n'kuthawa ngati waba. Sindimuweruza. Njala ndimaidziwa.

Dzuwa litakwera anafika anzake a malemu, madala ochepa, ena oyendera ndodo. Anawerenga duwa yopempherera malemu, kenako anaimirira mozungulira. Mawu awo anali osasa, ndipo pamalo pamene Che Amidu ankakwezera panali mpata umene palibe anautseka. Komabe anayamba. Abiti Saidi anali pamoto, chipande chili m'manja. Atamva mpweya woyamba uja anatseka maso, milomo ikuyenda.

Sikiri ili mkati, galimoto ya kantala inaima pamsewu.

Idrisa sanakalipe. Sanazimitse moto, sanathamangitse munthu. Analowa m'nyumba ndi anyamata awiri a kumzikiti n'kuyamba kutulutsa katundu: matiresi, makatoni a mabuku, mbaula, zikwama. Ankadutsa pambali pa madala aja nkhope atayang'ana kumbali. Mkazi wake anatuluka atadziphimba, anagwada pamaso pa apongozi ake kanthawi kochepa, n'kupita kukakwera.

Madala aja anazengereza. Mmodzi anayang'ana kwa Abiti Saidi ngati akufunsa kuti tileke kodi. Iwo anati, "Pitirizani. Mnzanu sanafike."

Mdzukulu wamng'ono anali atakhala kale pambale ndi ana a Amake Tisa, mpunga uli m'manja. Bambo ake anamunyamula, anamutambasula zala chimodzichimodzi, mpunga uja n'kugwera pansi. Anamusambitsa dzanja ndi madzi a m'botolo. Mwana ankalira akuti, "Agogo, tiyeni! Agogo, kwerani!" Ndinayang'ana nkhope ya Idrisa. Misozi inali kutsikira m'ndevu. Iyenso anali kulira, anthu inu. Koma dzanja la mwana sanasiye kulitsuka.

Asanakwere anaima patali pang'ono n'kunena, "Amayi, ndapita."

Abiti Saidi anati, "Ndamva, mwananga. Wamkuluyo amatsokomola kukazizira, uzimufunditsa."

Kantala inanyamuka. Iwo anapitiriza kugawa mpunga mpaka wodutsa womaliza atadya. Sanakhale pansi.

Anthu atabalalika, Abiti Saidi anatenga mbale yatsopano, anaikamo mpunga ndi chiwindi chimene anapatula dala, anamanga pansalu, n'kuitana wanjinga kuti akapereke kunyumba ya pamzikiti kumene Idrisa wasamukira. Anati, "Ukanene kuti si wa sadaka, ndi wa agogo." Tinakhala tikudikira. Wanjinga anabwerera nayo mbale ija, mfundo ya nsalu ili momwe anaimangira.

"Akuti zikomo, koma unaphikidwa pamoto womwewo."

Abiti Saidi anailandira ndi manja awiri. Anakaiika pathebulo. Dzulo nditapitako ndinaipeza ikadali pomwepo, yosamasula. Ndinati tiitaye yayamba kununkha, anati isiyeni kaye.

Ndinawafunsa ngati akudandaula kuti anayatsa moto uja. Anati, "Amuna anga afika. Tsopano ndikudziwa kuti afika. Koma nyumbayi yakula, Amake Zaina. Sindinkadziwa kuti ndi yaikulu chonchi."

Alendo a ku ofesi ya kazembe abwera mwezi wamawa. Adzapeza mzikiti wosesedwa, ana atavala zoyera, shehe wawo wopanda banga. Adzajambula zithunzi n'kubwerera okondwa. Kodi alipo amene adzawatengere kuseri kuno, mtunda woyenda pansi, kuti akaone chimene chalipiridwa kuti chithunzicho chikongole? Nanga ife amene tili ndi ana ena anzeru m'nyumba, basi ya ku Lusaka ikadzabweranso, tidzangolulutira osafunsa kanthu?

Ine mphamvu zina ndilibe, koma kupempha ndimatha. Inu a kumzikiti, mbali iliyonse imene muli, pa swala yanu muwatchule. Inu a kutchalitchi, Lamulungu likubwerali muwaike m'mapemphero. Mukumbukire Che Amidu m'manda mwawo. Mukumbukire tiana tiwiri tija timene tikufunsa kuti agogo abwera liti. Mukumbukire Idrisa, musamutemberere, katundu amene wasenza sanamange yekha. Ndipo koposa onse mukumbukire Abiti Saidi. Amene mumadutsira ku Nabvutika, musangopemphera patali: gogodani, mulowe, mukhaleko pang'ono. Ali okha.